Mtima umatitsutsiranji pa anthu a m'magemu oti kulibe?

Kachere: Akuluakulu, funso ili labwerapo kangapo pagulu pano koma limangothera m'nthabwala. Munthu akudziwa bwinobwino kuti iyi ndi gemu, anthu ake ndi ojambula pakompyuta, koma akapha wosalakwa kapena kusiya mnzake pamoto, mtima umamutsutsa mpaka kuzimitsa makina. Ena amabwerera ku save (pomwe anasungira gemu) ya maola 10 apitawo chifukwa cha chinthu chimodzi chokha. Chimachititsa n'chiyani? Nanga kubwererako kumathandiza? Amene simunamalize Undertale, The Witcher 3, Mass Effect 2 ndi BioShock samalani, muno tiulula nkhani zake.

NaBanda: Sizichitika mwangozi achimwene, amachita kukonza. Paja popha nyani sayang'ana nkhope, ndipo opanga magemu amaudziwa mwambi umenewu ngakhale sanaumvepo. Akafuna kuti muziwombera mosaganiza, adani amawaveka zobisa kumaso, sawapatsa mayina, ndipo mtembo umazimiririka pakapita kamphindi. Akafuna kuti zikuwaweni amangotembenuza zonsezo: munthu uja amupatsa dzina, mawu, ndi wina womulira.

Onani This War of Mine ya 11 bit studios a ku Poland, ya 2014, yomwe anaitengera pa zimene anthu wamba anaziona mzinda wa Sarajevo utazingidwa kuyambira 1992 mpaka 1996. Muli nyumba ina yotchedwa Quiet House, mukukhala agogo awiri, mwamuna ndi mkazi wake. Alibe mfuti, sakumenyani, saitana aliyense. Mukayamba kutola chakudya ndi mankhwala awo, mdalayo amangokutsatirani chipinda ndi chipinda kukuchondererani. Ndi malo osavuta kubako m'gemu yonse, ndipo n'chifukwa chake amapweteka. Kenako mlanduwo umakutsatirani kunyumba. Wobayo ndi anzake amayamba ndi chisoni, zikapitirira amafika pa Depressed, kenako Broken, pomwe munthu samveranso zimene mukumutuma, ndipo atha kuthawa kapena kudzipha.

Dzuwa: Kungowonjezerapo achemwali, si onse m'nyumbamo amene zimawakhudza mofanana. Roman ndi Bruno ndi ouma mtima, pomwe Zlata, Boris ndi Cveta zimawadya msanga. Zowabwezeretsa ndi izi: mnzawo akhale nawo pansi n'kucheza nawo, pakhale wailesi, mabuku kapena gitala, osuta apeze fodya, akhofi apeze khofi. China chothandiza ndi kuthandiza oyandikana nawo akagogoda pakhomo masana. Cholakwika chomwe ambiri amachita ndi kutumiza munthu wachisoni kale kukabanso usiku wotsatira chifukwa chakudya chatha. Pamenepo ndiye amathyokeratu.

Tsabola: Ine ndikuona kuti mukuwatamanda mopitirira. Magemu ambiri chikumbumtima chake ndi chapakamwa, ukawerengetsera manambala palibe chimene wataya. BioShock ya 2007 ndiyo mboni. Muli tiatsikana 21 totchedwa Little Sisters. Ukakapha umapeza ADAM (yogulira mphamvu zatsopano m'gemumo) 160, ukakapulumutsa 80. Ukangoona choncho umati chifundo chikudula theka. Koma ukapulumutsa atatu alionse, Tenenbaum, mayi woteteza tiatsikanato, amakutumizira mphatso ya ADAM 200 ndi zina zapamwamba. Werengani: kupha onse ndi 3,360. Kupulumutsa onse ndi 1,680, kuphatikiza mphatso 7 za 200, zikukwana 3,080. Kusiyana kwake ndi 280 basi pa gemu yonse, ndipo wopulumutsayo amalandiranso zida zina zomwe wakuphayo sazipeza. Ndiye pamenepa pali yesero lanji? Wachifundo akulipidwa, wankhanza akungothamangira kudya lero.

Fallout 3 ndiye imachita kuseketsa. Ukaphulitsa bomba la ku Megaton, tauni yonse n'kupsa, amakuchotsera karma (mapointi a khalidwe labwino) 1,000. Koma kunja kwa Rivet City kuli wopemphetsa madzi, ndipo botolo lililonse la madzi abwino lomwe wamupatsa limabweza 50. Kuchoka pansi penipeni kufika pa 0 ndi mabotolo 20. Tauni yathunthu kuigula ndi kireti imodzi ya madzi.

NaBanda: Za mabotolozo simukunama. Koma taonani, chimene chimawawa anthu pa Megaton si nambala ya karma. Ndi Moira Brown, mayi wa sitolo uja, yemwe amapulumuka koma thupi litapsa n'kusanduka ghoul, ndipo amakulankhulanibe mwansangala ngati palibe chachitika. Nambala mutha kuitsuka, koma nkhope ija imakhalapo mpaka gemu kutha. Komanso ku Japan anachotseratu njira yophulitsa bombalo m'gemu yomwe anagulitsa kumeneko, pa zifukwa zomwe tonse tikuzidziwa.

Aphunzitsi: Nkhaniyi ofufuza anaiunikapo. Mu 2010 Tilo Hartmann wa ku VU Amsterdam ndi anzake anaonetsa kuti anthu amadziimba mlandu kwambiri akachita nkhanza zopanda chifukwa m'gemu kusiyana ndi pamene nkhaniyo yawapatsa chifukwa, ndipo amene mwachibadwa amamvera ena chisoni ndiwo zimawagwira kwambiri. Mu 2014 Matthew Grizzard wa ku University at Buffalo anagawa osewera pawiri, ena ngati zigawenga, ena ngati asilikali a United Nations. A mbali ya zigawenga anamva kulakwa kwambiri, ndipo atangomaliza ankaikira mtima kwambiri pa nkhani ya chilungamo ndi kusavulaza ena. Kafukufuku wake wotsatira anapeza chomwe wosewera aliyense amachidziwa, kuti ukabwereza gemu yomweyo masiku angapo, kudziimba mlandu kuja kumanka kuchepa.

Ndiye a Kachere, yankho la funso lanu loyamba n'lakuti mbali ya ubongo yomwe imamva kulira kwa munthu simadikira kaye kuti itsimikize ngati wolirayo alipodi. Kusiyana ndi filimu n'kwakuti pano batani mwadina ndinu. Filimu itha kukulizani, koma singakuimbeni mlandu.

Tsabola: Aphunzitsi, nanga si zija ananena John Ebenger, yemwe anagwirapo ntchito ku BioWare, mu 2020, kuti osewera Mass Effect pafupifupi 92 pa 100 alionse ankatsata njira ya Paragon, yachifundo ija, osati yaukali ya Renegade? Anthu amaitchula nambala imeneyi ngati umboni woti ndife abwino mtima. Ine ndimakana. Mu Mass Effect 2 gemu imayerekeza mapointi a Paragon kapena Renegade omwe mwatola ndi onse omwe mukanatha kutola kufika pamenepo. Mukamasakaniza, lero chifundo mawa ukali, mbali zonse ziwiri zimatsalira, ndiye pa mkangano wa Miranda ndi Jack, kapena wa Tali ndi Legion, mawu oyanjanitsa amakhala otsekeka ndipo mmodzi amakukwiyirani. Wodziwa amangodina mayankho a buluu a Paragon kuyambira poyamba mpaka pomaliza osawerenga n'komwe. Chimenecho si chikumbumtima, ndi kusunga mapointi. Mu Mass Effect 3 ndi momwe anazikonza pophatikiza zonse kukhala Reputation imodzi.

Dzuwa: Apo mwalasa a Tsabola. Koma poti mwatchula Mass Effect 2, tisiyanitse zinthu ziwiri zomwe anthu amaziphatikiza: kusankha choipa ukudziwa, ndi kuphetsa anzako chifukwa sunauzidwe malamulo. Imfa zambiri za pa mishoni yomaliza ndi za mtundu wachiwiriwu, ndipo zonse n'zopeweka.

Chombo cha Normandy chimafuna zinthu zitatu musananyamuke: zitsulo zolimba zotchinga chombo zomwe mumazipeza polankhula ndi Jacob, chishango cha kwa Tali, ndi mzinga wa Thanix wa kwa Garrus. Chilichonse chomwe chasowa chimadya munthu mmodzi musanatere n'komwe, ndipo zitsulo zikasowa wofa ndi Jack. Wolowa m'paipi akhale Tali, Legion kapena Kasumi. Wotsogolera gulu lachiwiri akhale Garrus, Miranda kapena Jacob. Wogwira chotchinga cha biotic, chopangidwa ndi mphamvu za m'thupi zoteteza gulu, akhale Samara kapena Jack. Miranda amadzipereka yekha kuti atha kuchigwira, osamumvera, chimaphwasuka panjira. Onsewa akhale oti munawachitira mishoni yawo ya loyalty.

Msampha waukulu ndi nthawi. Mishoni ya Reaper IFF muisiye komalizira, mutatha zina zonse, chifukwa ikangotha sipapita nthawi antchito a m'chombo amabedwa. Mukawatsatira pompo onse amapulumuka. Mukachedwa ndi mishoni imodzi mpaka zitatu theka amafa, mukapitirira apo amatsala Dr. Chakwas yekha. Gemu simakuonetsani wotchi iliyonse. Ndiye munthu amene anthu ake anafa chifukwa anapita kukakumba miyala ndi kumaliza timishoni tating'ono, mlandu wake ndi wotani? Pa imfa zotere kubwerera ku save yakale n'kwanzeru, palibe chimene mukuzemba.

Kachere: Nanga pamene gemu yakana kukuuzani dala, monga The Witcher 3?

Gogo wa Magemu: Apo ndi nkhani ina ana inu. CD Projekt Red anachedwetsa zotsatira mwadala kuti save isakupulumutseni. Ku Velen, pansi pa mtengo wa Whispering Hillock, muli mzimu wotsekeredwa womwe umakulonjezani kuti mukaumasula ukapulumutsa ana amasiye a kudambo. Mukaumasula anawo amapulumukadi, koma mzimuwo umakasakaza mudzi wa Downwarren, mfiti zitatu zija zimalanga Anna, mayi wosamalira anawo, pomusandutsa chilombo, Anna amafa, ndipo mwamuna wake Bloody Baron amadzimangirira pamtengo kunyumba kwake. Mukaupha, Anna amakhala moyo koma mutu utasokonekera, Baron amamutenga kupita naye kumapiri kukafuna thandizo, ndipo ana aja amathera m'manja mwa mfitizo. Palibe njira yoyera. Ndiponso zonsezi simuziona tsiku lomwelo. Zimadzaonekera pa mishoni ina pambuyo pa maola angapo, ma autosave atafufutana kalekale. Ofuna kuona mbali zonse ziwiri apange save yapamanja asanalowe m'phangamo ndipo asadzailembenso pamwamba.

Za Ciri, mtsikana amene munamulera ngati mwana wanu m'gemumo, ndiye zobisika kuposa apa. Mathero ake amatsamira pa tinthu tisanu tomwe sitioneka ngati mayeso: kuponyerana naye chipale chofewa m'malo momupatsa mowa, kukana ndalama za Emhyr, kumulola akalankhule yekha ndi afiti aakazi a Lodge, kumulola aphwanye zinthu m'chipinda cha Avallac'h, ndi kumuperekeza kumanda a Skjall. Ambiri amalakwitsa pa chachitatu. Amamuperekeza poganiza kuti ndiko kumukonda, pomwe gemu imawerenga kuti sanamukhulupirire. Amene amapeza mathero oipa nthawi zambiri si ankhanza ayi, ndi makolo oteteza mwana mopitirira muyeso, ndiye n'chifukwa chake zimabaya pamtima.

NaBanda: Agogo, pa funso la a Tsabola loti chifundo chizikhala ndi mtengo, gemu yomwe inalondola ndi Papers, Please ya Lucas Pope, ya 2013. Ndinu wodinda mapasipoti paboda ya dziko lopeka la Arstotzka mu 1982. Munthu aliyense amene mwamuunika molondola amakupatsirani ndalama 5, madzulo mulipire lendi, chakudya, moto wotenthetsa nyumba, ndi mankhwala ngati wina wadwala, ndipo pakhomo pali anthu anayi: mkazi wanu, mwana, apongozi ndi amalume. Tsiku lachisanu pamabwera bambo wa mapepala abwinobwino n'kukupemphani kuti muchitire chifundo mkazi wake amene ali pambuyo. Mkaziyo alibe chilolezo cholowera.

Lamulo lake n'loti zolakwa ziwiri zoyamba pa tsiku ndi chenjezo chabe, chachitatu ndiye chindapusa chimayamba. Tanthauzo lake, muli ndi mipata iwiri ya chifundo chaulere patsiku. Mukathamanga kuti mupeze zambiri n'kulakwitsa kawiri m'mawa chifukwa chosaona tsiku lothera pasipoti, mayi uja akafika chifundo chanu chikhala chotuluka m'mbale ya mwana wanu. Ndiye amene akufuna kukhala wabwino m'gemu imeneyi ayenera kuyamba wakhala waluso pa ntchito.

Tsabola: Imeneyo ndaivomera. Koma Spec Ops: The Line musaiteteze. Pa chaputala 8 gemu imakupatsani mtondo woponyera mabomba owotcha a white phosphorus, mumawotcha chilichonse choyenda pa sikirini, kenako imakuyendetsani pakati pa mitembo ya anthu wamba 47 n'kuyamba kukunyozani. Koma njira ina panalibe. Mukakana kugwira mtondowo n'kumalimbana ndi mfuti, simupitirira. Kundikakamiza kuchita chinthu kenako n'kundiloza chala, kumeneko ndi kutchera msampha, si kundiphunzitsa.

Aphunzitsi: Pa chochitika chimenecho ndili nanu pang'ono. Koma gemu yomweyo ili ndi malo ena omwe inachita bwino kwambiri. Chakumapeto, khamu la anthu wamba litapachika msilikali mnzanu Lugo, limakuzingani n'kumakugendani, ndipo mnzanu Adams akukupemphani chilolezo choti awombere. Palibe mndandanda wa zosankha umene umaoneka. Ambiri amawombera khamulo chifukwa maola onse apitawo gemu yawazoloweza kuti vuto lililonse limatha ndi chipolopolo. Koma mukawombera m'mwamba anthu aja amabalalika osafa ndi mmodzi yemwe. Amene amadzazindikira zimenezi pambuyo pake ndi amene amagona ndi mlandu weniweni, chifukwa njira inalipo, iwo sanaiganize. Ofuna kuiyesa adziwe kuti anaichotsa pa Steam ndi m'masitolo ena a pa intaneti kumayambiriro a 2024 ziphaso zina zitatha nthawi.

Dzuwa: Dishonored ya 2012 ili ndi vuto lotembenuza. Kuti mukhale pa low chaos, njira ya mathero abwino, muyenera kupha ochepa, osafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a anthu a m'mishoni. Ofuna kumaliza osapha ndi mmodzi yemwe amadabwa pamapeto kuona kuti gemu yawawerengera imfa. Chimachitika n'choti mlonda amene mwamukomola n'kumusiya pansi atha kudyedwa ndi makoswe, akagwera m'madzi amamira, ndipo mukamuponya kuchokera pamwamba amafa. Zonsezo zimalembedwa pa dzina lanu. Muziwagoneka pamalo okwera monga patebulo kapena padenga lafulati, kutali ndi madzi. Koma taonani chimene gemu imachitcha chifundo: ana amapasa a Pendleton amadulidwa malilime n'kuponyedwa m'migodi yawo yomwe, ndipo Lady Boyle mumamupereka ali chikomokere kwa mwamuna womulakalaka amene amamutenga pabwato. Nambala ikuti manja anu ndi oyera. Mtima sungavomere.

Kachere: Palibe amene wakhudza Undertale, pomwe ndi imene anthu amadandaula nayo kwambiri.

Gogo wa Magemu: Ndimaisungira dala, chifukwa ndi imene imayankha funso lanu lachiwiri. Magemu ambiri madzi akatayika amaoleka, mumangoloda save. Toby Fox mu 2015 anapanga gemu yoti mlandu suola.

Poyamba penipeni pali Toriel. Ambiri amamupha osafuna. Amaganiza kuti amufooketse kaye kenako amukhululukire, monga zimakhalira m'magemu ena, koma moyo wake ukatsika nkhonya zanu zimakula mwadzidzidzi ndipo amafa musanayembekezere. Njira yake ndi kusamenya n'komwe, kumangosankha Spare mobwerezabwereza, koposa ka 20, ngakhale zikuoneka ngati palibe chikusintha. Musaope kufa, moyo wanu ukatsala pang'ono moto wake umayamba kukulambalalani. Tsono mukamupha n'kuloda save kuti mukonze, Flowey amakudikirani pakhomo n'kukuuzani kuti akudziwa zimene munachita. Gemu imalemba zimenezi mu fayilo ina, undertale.ini, osati mu save yanu. Chakumapeto ndi pamene Sans amakuululirani kuti EXP ndi LV zomwe mumakondwera nazo zija zimawerenga kupha ndi nkhanza zanu.

Njira ya Genocide, yopha aliyense, ndiye siichitika mwangozi. Muyenera kuyendayenda dala mpaka zilombo zitatha: 20 ku Ruins, 16 ku Snowdin, 18 ku Waterfall, 40 ku Hotland ndi Core. Zikamatha zimatenga nthawi yaitali kuti zioneke, nyimbo zimasintha, matauni amakhala mabwinja. Anaikonza kuti ikhale yotopetsa kuti pasapezeke wonena kuti dzanja linangoterereka. Ndipo makomo otulukira ndi ambiri. Kukhululukira Papyrus, yemwe samakumenyani n'komwe, kumaithetsa pomwepo. Kufika kwa Mettaton NEO musanamalize 40 aja kumaithetsanso. Ngakhale pa nkhondo ya Sans, mukapanga Reset, palibe chipsera chokhalitsa. Mukangodutsa apo dziko limafufutidwa, mukatsegulanso gemu mumapeza mdima ndi mphepo yokhayokha kwa mphindi 10, kenako mumauzidwa kuti mupereke mzimu wanu kuti dziko libwerere. Kuchokera pamenepo mathero abwino a Pacifist, a njira yosapha aliyense, amakhala odetsedwa nthawi zonse.

Tsabola: Nthawi zonse n'kukokomeza agogo. Ndi kafayilo kamodzi. Pa Windows lembani %LOCALAPPDATA% pa adiresi ya foda, lowani mu UNDERTALE, mupeza system_information_962, kapena 963 ngati munapereka kale mzimu. Kufufuta basi.

Gogo wa Magemu: Fufutani muone ngati sikabwerera. Pa Steam kafayiloko kamasungidwanso ku Steam Cloud, ndiye mukatsegula gemu kamadzukanso. Muyenera kutseka Cloud ya gemuyo kaye, kenako kufufutanso kope lomwe lili mu foda ya Steam, pansi pa userdata, nambala ya akaunti yanu, 391540, remote. Pa Switch ndi PlayStation simungagwire fayilo imodziimodzi, mumafufuta save yonse ya gemuyo kudzera ku settings za makinawo. Zimatheka ndithu. Koma onani ntchito imene mwagwira, kutseka Cloud, kusaka mafoda awiri, kufufuta umboni. Munthu amene zinthuzo sizikumukhudza sangavutike choncho.

NaBanda: Ndipo alipo ena amene amafuna zosiyana ndi zimenezo, kuti khomo lobwerera litsekedwe. Honour Mode ya Baldur's Gate 3, yomwe inabwera ndi Patch 5 kumapeto kwa 2023, ili ndi save imodzi yokha. Mukathandiza Minthara kuwononga Emerald Grove, Wyll ndi Karlach mwawataya, palibe kuloda. Patch yomweyo inatsegula njira yoti Minthara mumukomole m'malo momupha n'kudzamutenga ku Moonrise Towers popanda kupha othawa nkhondo aja. Koma chenjerani ndi batani la Non-Lethal Attacks: limagwira pa zida zomenyera pafupi ndi nkhonya zokha. Muvi, matsenga, kapena moto woyaka pansi zimapha ndithu ngakhale batanilo lili loyatsa, ndipo nkhonya yomaliza ndiyo imawerengedwa.

Kachere: Nanga Alfira, woimba uja amene umamupha wekha kumsasa ukamasewera ngati Dark Urge, amapulumutsika? Imeneyo ndiyo yaliza anthu ambiri chifukwa zimachitika munthu uli mtulo.

NaBanda: Amapulumutsika, koma mvetsetsani mtengo wake. Tsiku lomwe akuyenera kubwera kumsasa, pitani pomwe amaimbira zeze wake ku Grove, yatsani Non-Lethal, mumukomole ndi chida chapafupi, kenako mukagone usiku womwewo asanatsitsimuke. Pangani save yapamanja musanayambe, chifukwa mukaphonya usikuwo amadzuka n'kudzabwerabe tsiku lina. Mukalondola, Alfira safika. M'malo mwake kumsasa kumabwera woimba wina, dragonborn wotchedwa Quill Grootslang, yemwe simunamuonepo chiyambire, ndipo m'mawa mtembo umene mumadzuka nawo ndi wake.

Dzuwa: Ndipo pafupifupi aliyense amene amadziwa njira imeneyi amaitsata mtima uli m'malo. Quill nayenso ali ndi dzina, amaimba, amapempha malo ogona mwaulemu. Kungoti tamudziwa kwa mphindi zisanu zokha.